Nkhuni Zimene Sitinaphikire

Atate atabwerako ku Joni, kumene anagwira ntchito zaka zambiri m'esiteti ya mitengo, analonjeza amayi chinthu chimodzi: denga latsopano. Lathu linkadontha pamphasa penipeni. Kuno ku Likoma mtengo wowongoka ndi wosowa, ngakhale nkhuni timagula kwa anthu a ku Mozambiki. Choncho anaitanitsa mbande za bulugamu pa sitima, n'kuzidzala m'mizere kuseri kwa nyumba yathu ku Yofu.

"Onsewa ndi ana a mayi mmodzi," ankadzitama choncho atate. Mbandezo sizinali za njere ayi, zinali nthambi zodulidwa ku mtengo umodzi wosankhika kuti zikule mofanana. Ine ndinali nditakwatiwa kale, koma wothirira ndinali ine ndemwe. Ndowa zimene ndinasenza kuchokera kunyanja, khosi langa likuzikumbukira mpaka lero.

Chaka chachitatu, masamba a mtengo wakumapeto anatuluka timatuza. Nsonga zinapindika, khungwa n'kuyamba kuchucha utomoni wofiira. Mvula isanathe, mzere wonse unali choncho, kenako winawo. Panalibe mtengo wolimba kuposa unzake. Mkuyu wakale umene unali chapompo sunamve kanthu.

Atate anali ataziwonapo izi kuesiteti, ndipo lamulo lake ankalidziwa: kudula, kuunjika, kutentha pomwepo, osasuntha ngakhale kanthambi. Anansi athu awiri nawonso anali atadzala bulugamu potengera iwo.

Atate anadula mitengo yathu yonse n'kuiunjika. Mulu utauma, amayi anapita kukaima pafupi nawo.

"Inu, za denga ndamva, lapita. Koma nkhunizi? Tisiyireniko."

"Mukasenza nkhunizi, mwasenzanso matenda," anayankha atate. "Akafika kwa anzathu, ndikawauza chiyani?"

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinawauza kuti ku Joni anabwerako ndi nzeru zotentha thukuta la anzawo. Iwo anangokhwatcha machesi.

Moto unayaka masana onse popanda mphika. Azimayi a m'mudzi anaima panjira atagwira m'chiuno, kuonerera nkhuni za miyezi yambiri zikusanduka phulusa. Lero ndimaona kuti atate ankalondola. Amene anatayikidwa kwambiri tsiku limenelo anali iwo, ndipo mawu anga aja amandichititsa manyazi.

Mvula yotsatira itabwera, amayi anaika beseni pamphasa monga kale. Likadzaza, atate ankalinyamula okha kukataya madzi panja, n'kulibweza pamalo pake. Mpaka pamene anamwalira, atate sanalole munthu wina kulikhudza.