Tsiku Limene Agogo Anagawa Gwape wa Eni Ake

Ndikamva fungo la nyama yaiwisi litasakanikirana ndi utsi wa malasha, ndimabwerera ku Clondalkin, kuno kudziko la azungu, mu shedi yozizira ya a Fintan, momwe agogo anga aamuna ankanola mpeni pa simenti atapinda manja a majuzi awiri, mvula ikuwaza pa malata. Ndinali mtsikana wa zaka khumi. Agogo anachokera ku Mchinji pa viza ya alendo kudzandilera, poti amayi ankagwira mashifiti aatali kuchipatala. Mapepala athu okhalira m'dziko muno anali ku ofesi kudikira kuwonjezeredwa, ndiye lamulo la amayi linali limodzi: chilichonse chichitike, apolisi asaponde pakhomo pathu.

A Fintan, neba wathu, anali mlenje wachilolezo. Tsiku limenelo anabwera kuchokera kumapiri a Wicklow ndi gwape wamphongo wamkulu ngati thole, ndipo agogo, omwe anasakapo paunyamata wawo, anawathandiza kusenda, ine ndikumasulira. Atatha, a Fintan anadula mutu, nawerenga nthambi za nyanga ndi chala, n'kuukweza m'vani kuti anzawo a kalabu ya alenje akaupime. Thupi analisiya lili lende pa chingwe.

"Akuti chiyani mzunguyu?" anafunsa agogo.

"Akuti nyangazo zikhoza kupata mendulo."

"Mendulo! Iwe Tadala, nyanga amadya? Kwathu timafunsa kuti nyamayo yalowa makomo angati. Gwape amene anthu sanamulawe, ameneyo wangofa." Kenako anayang'ana thupi lija. "Mwini watenga mbali imene akuifuna. Bweretsa beseni."

Ndinkadziwa kuti kuno ngakhale mpira ukagwera kuseri kwa mpanda wa neba umayamba wagogoda, koma ndani akanawatsutsa agogo mpeni uli m'manja? Tinayenda khomo ndi khomo, beseni likundidula zala, magazi akudontha pa nsapato za kusukulu: kwa banja la ku Nigeria, kwa anyamata a ku Poland, mpaka kwa mayi Breda, wamasiye wa kutsidya kwa msewu, amene anatsegula chitseko tcheni chili chokola. Paliponse agogo ankandigunda ndi chigongono kuti ndinene kuti ndi mphatso yochokera kwa a Fintan.

Amayi atafika madzulo n'kumva nkhaniyo, anakhala pansi pa masitepe osavula n'komwe jekete.

"Bambo, mwatipha! Kuno kumeneku ndi kuba!"

"Kuba? Ndadya ndekha ngati?"

Amayi anatseka makatani, nazimitsa TV. Tinakhala tikumva firiji ikulira, tikutchera khutu galimoto iliyonse yodutsa. Kenako vani inaima. Chitseko cha shedi chinalira, munthu anakuwa, mapazi anabwera, khomo lathu linagunda.

A Fintan anali atafiira mpaka makutu, foni ili m'manja. Anati nyamayo inali yoti adye nyengo yonse yozizira. Amayi anapepesa mpaka anagwada, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchitira mzungu. Agogo anangoima kumbuyo manja ali m'thumba, akudabwa kuti phokoso n'lachiyani. Pomwepo mayi Breda anasuzumira pawindo lawo.

"Fintan! Mulungu akudalitse! Zaka zonsezi ndinkayesa ulibe mtima!"

A Fintan anatembenuka, anayang'ana nyumba zija imodzi ndi imodzi, fungo la nyama yowotcha lili tolotolo mumsewu wonse. Anaika foni m'thumba, namenyetsa geti, osanena kanthu.

Chete ameneyo ndiye anatizunza. Amayi sankagona, ankangoti mwina mawa akatinenera kupolisi. Sabata isanathe anasintha tikiti, ndipo agogo anakwera ndege Khirisimasi isanafike. Ine ndinalira koopsa, koma iwo anangondisisita mutu, nati ndisamayankhe akulu m'Chingelezi. Apolisi sanabwere, mapepala anatuluka.

Chaka chotsatira, masamba akuyoyoka, khomo linagundanso. Anali a Fintan, atakumbatira mwendo wathunthu wa gwape m'pulasitiki.

"Uwu ndi wa mdala uja," anatero. "Gwape wa chaka chino nyanga zake n'zochititsa manyazi, koma ndi wonona. Muuzeni atenge mpeni wake, ine sindidziwa kugawa kwake."

Agogo anali atamwalira miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo ife kumaliro sitinapite. Amayi analandira mwendowo ndi manja awiri, nauyangata ngati khanda, n'kuyamba kulira pakhomo pomwepo.

Lero ndine munthu wamkulu, pasipoti ya dziko lino ili m'kabati, palibe angandithamangitse. Koma munthu akagogoda mwamphamvu, ndimayambabe ndazimitsa TV.