Soketi Yachitatu Pakhoma la Amayi

Kwathu ku Dauphin, tauni ya kudziko lozizira koopsa, ukafuna kudziwa amene amagona m'nyumba, umangoyang'ana masoketi a panja pakhoma. Nthawi yachisanu galimoto ikagona yosalumikizidwa kumagetsi kuti injini ifunde, m'mawa siilira. Choncho aliyense wa pakhomo ali ndi soketi yake. Pathu analipo awiri: ya amayi ndi ya malemu bambo.

Nditabwerako ku Valencia, mzinda wa ku Spain komwe ndinkaphunzitsa Chingerezi, ndinapeza a Orest Hrynchuk atagwada pa chipale chofewa, akuboola khoma lathu.

A Orest anabadwira m'tauni momwemu ndipo sanatulukemo. Anagwira ntchito yamagetsi ku nkhokwe za tirigu mpaka mawondo anayamba kukana. Akazi awo atamwalira anasanduka wokonzera aliyense zinthu, bola pakhale khofi ndi maperogi, tizitumbuwa ta kwathu ta mbatatesi m'kati, osambira m'batala. Asanakhudze waya amakathimitsa magetsi kubokosi n'kumata tepi pa switchi, ati chifukwa tsiku lina akazi awo anaiyatsa kuti aphike tiyi, iwo ali pamakwerero waya uli m'manja. Nkhaniyi aliyense anaimva kambirimbiri. Amayi amaisekabe.

"Ee, Msipanishi wafika!" anatero atandiona. "Kajekete kameneko n'kovala kapena n'kopukutira mbale?"

"Mukutani pakhomapo?"

"Ndikuwonjezera soketi, Lesia. Tandipatsira pulayazi iyo."

Anali atakoka waya kuchokera pa soketi ya amayi, akusenda nsonga zake mosafulumira, wakuda payekha, woyera payekha. Mumtima ndinati ndi yanga. Ndinalowa kukhitchini ndikumwetulira.

"Amayi, mwandiikira soketi? Galimototu ndilibe ine."

Amayi anapitiriza kupinda maperogi osadzutsa mutu. "Ndi ya pikapu ya Orest."

"Pikapu yawo ili ndi soketi kwawo."

"Kwawo kumatalika m'mawa."

"Kutalika? Patsidya pa msewu pomwepa?"

"Vula nsapato, ukundinyowetsera pansi."

Masiku otsatirawo ndinaona zonse. A Orest ankadziwa pokhala shuga, pomwe ine ndinkatsekula makabati onse ngati mlendo. Galu amene ndinamlera ndekha anandiuwa n'kukagona pamapazi awo. Ndikayamba nkhani za ku Spain, za malalanje a m'misewu, za anthu odya chamadzulo ife titagona kale, amayi ankangoti "oho" n'kufunsa a Orest ngati supu yakolera mchere. Ine ndinabwera kudzangodya Khirisimasi n'kubwerera, tauniyi imandipanikiza, koma sindinkayembekeza kupeza kuti malo anga anadzaza kalekale popanda wina kudandaula.

Tsiku lomwe ankamangirira chivundikiro pa soketi yawoyo ndinawatsatira panja.

"Ya bambo ilipo, yangokhala. Mwavutikiranji kuboola khoma? Kapena mukufuna tauni yonse iwone?"

"Tauni inaona kale, mwanawe, inangotsala ndiwe." Anaseka, kenako anasiya. "Iyo ndi ya Myron, bambo ako. Ndinamuikira ndine, chaka chomwe unabadwa. Pikapu yanga sindingalumikizepo, ayi."

"Ndiye izingokhala?"

"Mayi ako akuti ndiitseke chisanu chikatha. Ikulowa madzi, ndipo akaiona yopanda kanthu amavutika mumtima. Mwini wake anapita, iwenso sukhalitsa. Si choncho, Msipanishi?"

Ndinayang'ana khomalo. Yawo inali yatsopano, yonyezimira, ndipo inayandikira chitseko kuposa ya bambo. Ndinaganiza za chaka chamawa: masoketi awiri ogundizana, ya amayi ndi ya a Orest, pambali pake kachitsulo kotseka bowo.

Sabata yomweyo ndinagula kwa msuweni wanga galimoto yadzimbiri yomwe chitseko chake chimatsekuka kumbali imodzi yokha. Ndinailumikiza pa soketi ya bambo, amayi akusuzumira pawindo. A Orest anabwera ndi chivundikiro china, n'kumata pomwe pankalowa madzi.

Pano ndi February ndipo ndikadali kuno. Chisanu ndimadana nacho, kopita ndi galimotoyo kulibe. M'mawa uliwonse a Orest amatuluka ndi burashi kukasesa chipale pa galimoto zonse zitatu, akuimba mluzu, ndipo amayambira yanga. Sindinawathokozebe.