Galasi la pabokosi la achemwali

Ndikatsegula firiji kuloji komwe ndimagwira ntchito ku Kande, utsi wozizira uja umandikumbutsa filimu yomwe ine ndi achemwali anga tinkaikonda ku Chintheche. Anthu ake ankagona m'mabokosi agalasi m'chombo cham'mlengalenga, n'kukadzuka atafika kudziko lina.

Achemwali atamwalira, bokosi lawonso linali ndi galasi pankhope. Nditawerama kuti ndiwaone, galasilo linachita nthunzi.

"Ama, akupuma!" ndinakuwa. "Musawakwirire, sanafike!"

Amayi ananditseka pakamwa. Kuyambira pamenepo, popita kumunda wa chinangwa ndinkazembera kumanda, n'kugunditsa khutu padothi kuti ndimve akagogoda.

Lero ndikudziwa kuti mpweya uja unali wanga, komabe filimuyo ikafika potsegula mabokosi, ndimazimitsa.