Chidulo cha kuseri kwa magalaja

Ndikukumbukira chaka chomwe tinachoka ku Mitundu, bambo atapeza ntchito ya ulonda ku Capital Hill. Amayi anali oyembekezera, ndipo ndiwo zimene zinkatsika kukhosi kwawo zinali therere lokha. Soda wa m'sitolo ankamukana. Ankafuna chidulo ngati kumudzi: kuotcha zomera za kudambo zotchedwa njedza ndi kutcheza phulusa lake.

Tsiku lina anandituma kumtsinje, kuseri kwa magalaja a ku Area 2. Njedza za kumeneko zinali zonenepa, zobiriwira bii, ngakhale matope ankanunkha oyilo. Ndinazula ndi mizu yomwe, poti amayi anati chidulo chaukali chimachokera kumizu. Nditasenza mtolo, Che Saidi, mkulu wokonza mabatire, ananditsekera njira.

"Iwe mtsikana, zimenezi ukupita nazo kuti?"

"Kukaotcha chidulo."

"Ukaphikire ndani? Mkazi mnzawo wa amayi ako?"

Anasolola muzu umodzi n'kundiyandikizira kumaso. Unali wofiira ngati malata a dzimbiri.

"Madzi a m'batire ndimataya m'ngalande iyi. Owotcherera zitsulo nawonso. Zisanafike kumtsinje, mizu iyi imayamba yamwa. Mtovu supsa pamoto, mwanawe. Utsala m'phulusamo."

Mtolo wanga anauponya m'dzenje. Ndinalira njira yonse, ndikuwatukwana chamumtima. Amayi anakalipa kuti anthu a m'tauni amalanda ngakhale udzu. Koma m'mawa mwake akazi a Che Saidi anafika ndi thumba la zitsononkho zochokera kumunda kwawo, nati tiotche zimenezo. Therere linapsa, amayi anadya, ndipo mchimwene wanga anabadwa wamphumphu.

Ine sukulu ndinasiyira Sitandade 6, chifukwa bambo anati wophunzira akhale mwamuna. Choncho za sayansi musandifunse. Ndikudziwa zimene ndinaona basi. Mchimweneyo lero ali ku sekondale, ndipo akamasoma Chingerezi ndimapsa mtima, komabe mutu wake ndi wabwino. Ndimathokoza mkulu uja amene sanachite manyazi kuulula nyansi zake zomwe kwa kamwana kosavala nsapato.

Njedza zija anazilambula. Pamalopo anthu alima mpiru wonona, ndipo ngalande ikuthirabe. Azimayi a ku Area 10 amatsika m'galimoto kudzausankha pamsika. Ndinauzapo mmodzi kumene umamera. Anandifunsa ngati ndine dokotala, nagula mipukutu iwiri.