Chulu Chimene Ndimaperekezerapo Mwana Wanga

Nyanja sindinaionepo, ndipo pa msinkhu wangawu sindikhulupirira kuti ndidzaiona. Madzi aakulu amene ndikuwadziwa ine ndi a mtsinje wa kwathu ku Ntengo-Wambalame, umene m'chilimwe ngakhale nkhuku imaoloka, koma dzinja likafika umanyamula ng'ombe yamoyo. Komabe kuno ku Chidzolomondo, kumene ndinakwatiwa, anthu amanditcha mayi wa nyanja. Dzinali linayamba ngati chipongwe. Masiku ano akandiitana choncho ndimayankha bwinobwino.

Bambo anga ondibereka anali munthu wa ng'ombe, wosakonda zolankhulalankhula, koma anali ndi lamulo limodzi losakambirana. Nthawi ya mvula munthu saoloka mtsinje osalawira. Unkanena kumene ukupita, njira imene udzere, ndi nthawi imene ubwere. Kenako wina ankakuperekeza mpaka padooko, n'kukhala pamwala kukuyang'ana. Ukafika tsidya unkakweza dzanja n'kunena mokweza kuti, “Ndaoloka,” ndipo pamenepo m'pamene woperekezayo ankanyamuka. Lamuloli linali ndi pochokera. M'mudzi mwathu munali bambo wina amene anachoka mwakachetechete m'mawa wina mvula itagwa kumapiri. Akazi ake ankati ali kwa amayi ake, amayi ake ankati ali kwa akazi ake. Pamene mabanja awiriwa ankafunsana n'kuti thupi litatsakamira kale m'mabango. Amene anamupeza anati zikhatho zake zinali zosupuka, kusonyeza kuti anagwira muzu nthawi yaitali. Akanafunidwa tsiku lomwelo mwina akanamumva akuitana.

Mwana wanga wachiwiri, wamwamuna, ulimi wa fodya anaukana ali wamng'ono. Anapita ku Tete, kenako ku Beira, mapeto ake anakapeza ntchito kugombe la ku Inhambane, pa ngalawa ya thanga yonyamula alendo okaona zilumba. Amakoka zingwe, amaponya nangula, amaphikiranso alendowo. Atandiuza ndinamufunsa ngati ntchito zakumtunda zatha. Munthu woti anakula akusamba m'beseni, lero ati moyo wake uli pamadzi osaoneka tsidya.

Chaka china anabwera kudzationa nthawi yokolola, ndipo anabwera ndi nkhani yoipa. Kumeneko kunamira ngalawa ya alendo olemera, yoyera mbee, ya zipinda ndi mabedi momwemo. Ananyamuka m'mawa kunja kuli bwinobwino, osauza munthu kumene akulowera. A kumalo kumene ankagona ankaganiza kuti apita kudooko lina, a kudooko linalo sankadziwa n'komwe kuti kukubwera anthu. Mphepo inawapeza pakati. Pamene anthu anayamba kufunsana panali patapita masiku, ndipo mwana wangayo anali m'gulu la okafunafuna. Anangotola mapilo ndi chidutswa cha thabwa. Iye anapitiriza kufotokoza kuti akapitawo ake, mwini ngalawa amene amamugwirira ntchito, anasintha zambiri kuyambira pamenepo: anagula makolete, zovala zija munthu akavala samira, amanyamula madzi akumwa oposa ofunika, ndipo m'mawa uliwonse amaona pafoni mmene mphepo ikhalire asanakweze thanga. Ine zonsezo ndinazimva, koma mtima wanga unali utaima pamalo amodzi.

“Ukuti sanalawire aliyense?” ndinamufunsa.

“Azungu salawira, amayi. Amangonyamuka.”

“Nanga iwe umalawira yani?”

Anati akapitawo amauza akazi awo madzulo ake. Ndinati amenewo ndi akapitawo ndi akazi awo, iye ali ndi amake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuyambira tsiku limenelo ndinamuikira lamulo la bambo anga: asanakwere ngalawa aziimba, anene kumene akupita ndi nthawi yobwera, ndipo akaponda mtunda aziimbanso. Ndinamukakamizanso kuti andisiyire nambala ya akazi a akapitawowo. Anandisiyira akung'ung'udza.

Vuto n'lakuti m'mudzi mwathu foni imagwira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu chimene chili kuseri kwa chigafa chathu cha fodya. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkakwera chulu, dzuwa likapendeka ndinkakweranso. Amayi opita kuchitsime ankandipatsa moni akuseka kuti, “Mwadzuka bwanji mayi wa nyanja, mafunde ali bwanji lero?” Amuna anga nawo ankathirira ndemanga, ati chuluchi chidzaphwa ndi mapazi anga chiswe chisanachimalize.

Poyamba ndinkachita zoseketsa, sindikana. Ndikaona mitambo yakuda cha ku Furancungo ndinkamuuza kuti asapite, kukubwera chimvula. Iye ankaseka mpaka kutsamwa.

“Amayi, mitambo yanuyo ndi ya chimanga chanu. Kuno kuli ngwee.”

Anandiphunzitsa kuti panyanja mvula si mdani kwenikweni. Mdani ndi mphepo, makamaka yochokera kumwera, imene imatha kufika kumwamba kuli koyera. Zinandivuta kumvetsa, chifukwa kwathu kuno mphepo timaiyembekezera ndi lichero m'manja kuti tiuluze nyemba. Koma safunsa anadya phula. Ndinaphunzira kufunsa zoyenera: mphepo ikuchokera kuti, itembenuka liti, ndipo akadzera mkati mwa zilumba kapena kunja. Malo amene ankatchula sindinkawadziwa, koma ndinkawabwereza pakamwa potsika chulu ngati mwana wotumidwa kumsika.

Patapita nthawi mnyamatayo anatopa nane. Ankati ndi munthu wandevu, anzake amamuseka akamuona akulawira amake ngati mwana wa sukulu. Ndinamupempha kuti akafika azinena mawu aja a kudooko la kwathu. Anakaniratu, ati nyanja si kamtsinje ka ku Ntengo-Wambalame. Madzulo ankangoti, “Ndafika, dulani, kredito ya m'foni yatha.” Tsiku lina sanaimbe dala, anali kumpira. Ndinamulalatira mpaka mbuzi zimene zinali m'munsi mwa chulu zinathawa. Ndinamuuza kuti akafuna kusiya kulawira ayambe wapeza mayi wina. Zitatero sanadumphenso tsiku, ngakhale ankaimba ndi mawu a munthu amene akumwa mankhwala owawa.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali la nyengo yozizira, tikupuntha nyemba. Anaimba m'mawa ali kale m'ngalawa. Anati ulendo wasintha. Anayenera kupita kuchilumba chapafupi, chamkati, kumene amapita kawirikawiri, koma alendo a tsiku limenelo anachonderera kuti akaone anangumi. Ndiye adzera kunja, kuseri kwa chilumba chachitali chimene chili ndi nsanja ya nyale. Ndinafunsa za mphepo. Anati ya kumwera ikubwera ndithu, koma foni ya akapitawo ikuti ifika mawa, iwo akhala atabwerera dzuwa lisanapendeke kwenikweni. Ndinatsika chulu ndikubwereza: kunja, chilumba chachitali, nsanja ya nyale.

Dzuwa linapendeka, ine ndili pachulu. Foni ili zii. Ndinaimba ine, osalowa. Ndinadikira pang'ono n'kuimbanso, chimodzimodzi. Mithunzi ya mitengo itayamba kutalika ndinatsika kukaitana amuna anga, chifukwa akazi a akapitawo Chichewa sachidziwa, ndipo Chipwitikizi changa ndi cha kumsika basi, chotha kufunsa mtengo wa mchere. Amuna angawo anagwirapo ntchito ku Tete ali mnyamata, chinenerocho amachitafuna bwino. Ndinawapeza akusoka thumba.

“Batire yatha imeneyo,” iwo anatero osadzutsa mutu. “Kapena ali kumpira ngati tsiku lija.”

“Nyamukani, bambo.”

“Bondo langali ndi chulu chimenecho sizigwirizana, mukudziwa.”

“Ndikuberekani ngati n'kofunika. Nyamukani.”

Anakwera akubuula. Akazi a akapitawo anayankha mwaulemu, ndipo amuna anga ankandimasulira. Anati inde mphepo yafika msanga, nyanja yachita ukali, koma tisade nkhawa. Zikatere amuna awo amakocheza pachilumba chapafupi chija n'kugona komweko, malo ake ndi obisika, foninso sigwira. Abwera mawa mphepo ikatsika. Amuna anga anathokoza, n'kuyamba kutsanzika.

Ndinawagwira dzanja. “Auzeni kuti sali mkati. Ali kunja.”

Iwo anatseka foniyo ndi chikhatho n'kundiyang'ana mwamanyazi. “Mayi, mukufuna ine wa ku Chidzolomondo ndiwaphunzitse anthu a kunyanja za nyanja yawo? Amenewa ndi akazi a mwini ngalawa. Atiseka.”

Ndinapsa mtima kwambiri. Koma sindinakuwe. Ndinangoti, “Akazi ake ankati ali kwa amayi ake.” Nkhani ya bambo wa m'mabango uja ankaidziwa, ndinali nditawauza kambirimbiri mpaka kuwatopetsa. Anabwezera foni kukhutu n'kunena zonse monga ndinawauzira: anangumi, kunja, chilumba chachitali, nsanja ya nyale. Kenako mayiyo anafunsa kuti abwerezenso za nsanjayo. Atabwereza, foni inadulidwa popanda kutsanzika.

Za usiku umenewo sindinena. Kutacha ndinakwera chulu, ndipo sindinakhale ndekha. Amayi aja ankandiseka popita kuchitsime anatula ndowa zawo m'munsi n'kukwera mmodzimmodzi. Wina anabwera ndi lichero la nyemba zanga kuti manja athu apeze chochita. Palibe anafunsa za mafunde. Amuna anga anakwera okha osaitanidwa, bondo lomwelo, n'kukhala pambali panga foni ili m'manja.

Dzuwa lili pafupi kufika pamutu foni inalira. Anali akazi a akapitawo, akulankhula mothamanga, kulira ndi kuseka pamodzi. Amuna anga anamvetsera, kenako anandiuza mawu awiri okha: “Onse amoyo.” Atatero anatembenukira kumbali n'kumapukuta m'maso ndi chipewa.

Zinazo ndinazimva pambuyo pake. Mphepo inawapeza ali kuseri kwa chilumba chachitali chija. Inathyola mlongoti wa thanga, mafunde anathira madzi mu injini, ndipo nangula sankafika pansi. Madzi anayamba kuwakokera kutali ndi mtunda. Akapitawo anaiwala kuuza akazi awo kuti ulendo wasintha, moti pagombe lonselo panalibe amene ankadziwa kumene ngalawayo inali. Mayi uja atadula foni anathamangira kwa asodzi a maboti a injini ndi kwa akuluakulu oyang'anira gombe. Madzulo amenewo sakanatha kutuluka, mphepo inali ikadali yaukali, koma anakonzeratu mafuta, ndipo m'mawa itangotsika analunjika kunsanja ya nyale n'kutsatira kumene madzi amakokera. Anawapeza atavala makolete onse, atazizidwa, akumwa madzi oonjezera aja. Asodziwo anati akanadikira mpaka masana kuti aone ngati abwera kuchokera kuchilumba chapafupi, n'kuyambanso kufufuza mkati, sakudziwa ngati akanawaonanso.

Anthu ena kuno amati ndinapulumutsa ngalawa ndili pachulu. Ine ndimakana. Ine ndinangosunga mawu amene ndinauzidwa. Ndimathokoza Mulungu, ndipo pambuyo pake ndimathokoza mayi uja, amene sindinamuonepo nkhope. Akanatha kunyoza kuti kamayi ka kumapiri kadziwa chiyani, koma anamva n'kuthamanga. Ndimathokoza asodzi amene anatulutsa maboti awo nyanja isanagone bwino, chifukwa cha mwana wa munthu wosamudziwa. Akapitawo ndinawakwiyira masiku angapo chifukwa cha kuiwala kwawo, koma makolete ndi madzi aja anagula ndi iwo, ndiye mkwiyo unatha wokha. Masiku ano akasintha njira amauza akazi awo, amauzanso a pagombe, ndipo mphepo ya kumwera ikanenedwa kuti ifika mawa, iwo amaiwerengera ngati ifika lero. Chaka chilichonse ndimatumiza kathumba ka nyemba pa shapa, minibasi zathu zija, kwa mayi uja, iye amanditumizira nsomba zouma zamchere kwambiri zimene amuna anga amadya akudandaula. Bambo anga anamwalira asanagwirepo foni, koma ndikakwera chulu ndimawakumbukira atakhala pamwala paja, ndodo ili pamiyendo.

Tsiku lija amayi anzanga anatsika n'kukatenga ndowa zawo, amuna anga nawonso anatsika. Anandiuza kuti nditsike ndikadye, nkhani yabwino ndaimva kale. Ndinakana. Ndinali ndisanamve mawu a mwini wake, ndipo woperekeza sanyamuka chifukwa chouzidwa ndi wodutsa. Ndinakhala pomwepo ndi lichero langa mpaka dzuwa linapendekanso. Kenako foni inalira, nambala yachilendo, yobwereka. Ndinamva kupuma kokha, ndi phokoso la anthu kumbuyo. Ndinali nditakonzeka kumva kuti ndafika, dulani.

“Amayi,” anatero mwana wanga, mawu ali osasa. “Ndaoloka.”

Ndinapezeka nditakweza dzanja, ngati angandione. Kenako ndinatola lichero langa n'kutsika.