Galimoto Yomwe Anasankha Alamu

Mkazi wanga atamwalira, mwana wathu wamkazi anapita kukakhala kwa agogo ake ku Area 25. Anati akhale kaye kumeneko mpaka mitima ikhale pansi. Anali atangoyamba kumene sukulu. Ine ndinatsala m'nyumba ya lendi ku Kawale, n'kumalawirira kuntchito ku Kanengo pa minibasi.

Patapita miyezi ndinakapempha kuti mwana abwerere. Apongozi nkhaniyo anaisiya m'manja mwa alamu anga, mlongo wamkulu wa malemu. Kwawo mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mawu omaliza amakhala a malume ake. Izi ndinkazidziwa pokwatira, koma nthawi imeneyo zinkamveka ngati zokamba za pachinkhoswe basi.

"Mwana sitikukumanani, alamu," iwo anatero. "Koma sukulu yake ili kuno. Azipanikizana m'maminibasi m'mawa uliwonse, mvula ikugwa? Mukanakhala ndi kagalimoto kodalirika, bwenzi tikukamba zina."

Sindinatsutse. Ndinayamba kufunafuna galimoto.

Anzanga a kuofesi anati ndiitanitse ku Japan. Pafoni zinkaoneka zokongola, koma mmodzi wa iwo anali akudikirabe yake chiitanitsireni nthawi yadzinja, ndipo ine sindinkafuna kuti teremu ina iyambe mwana ali komweko. Choncho Loweruka lina ndinapita ku Biwi ndi mnzanga wina wa makaniko, amene tinakulira limodzi.

Tisanafike n'komwe pamene panali magalimoto, madobadoba oitanira ogula anali atatizungulira kale.

"Bwana, bwerani kuno! Iyi ankayendera mzimayi, kutchalitchi ndi kumsika basi."

Mnzangayo anakanikiza kumbuyo kwa galimotoyo, ndipo inangokhala pansi osadzuka.

"Mzimayi wakeyo ankapita kutchalitchi ndi matumba a simenti?"

"Iwe, usatiphere msika. Wabwera kudzagula kapena kudzalalikira?"

Tinazungulira mpaka masana. Kumapeto tinapeza ina yotuwa, yophwanyika pang'ono pachitseko. Inali itakhala osayenda chigonereni, koma inalira kamodzi kokha, utsi osatuluka. Mnzangayo analowa kunsi, n'kutuluka akudzisasa fumbi.

"Iyi ndi bulu, aise. Nkhope ilibe, koma sidzakugoneka panjira."

Ndinaijambula n'kutumizira alamu. Sanachedwe kuimba.

"Za ku Biwi? Kumene amalumikiza magalimoto awiri kukhala imodzi? Mwana wa mlongo wanga sangakwere zimenezo. Kumpingo kwathu kuli akulu ampingo ena akugulitsa yawo. Munthu woopa Mulungu, ndimamudziwa."

Loweruka lotsatira tinapita atatu. Galimotoyo inali yoyera, yopukutidwa mpaka matayala, mipando yovekedwa nsalu zoluka. Tinafika m'mawa, koma nditayika dzanja pa boneti ndinamva kutentha. Anali atailiza kale ife tisanabwere. Ndinayang'ana mnzanga uja, iye n'kuyang'ana kumwamba. Akulu ampingowo ataliza injini, kumbuyo kunatuluka kautsi kabuluu.

"M'mawa imadzuka bwanji, abambo?" ndinafunsa.

Akuluwo anaseka. Sanali munthu wabodza.

"Imafuna kuipatsa ulemu pang'ono, mwana wanga. Ngati ine ndemwe."

Alamu anamenya tayala ndi phazi, n'kulowa mkati, n'kuyatsa wailesi.

"Mwamva mawuwo? Galimoto yosamalidwa imadziwika."

Mnzanga uja anandikokera kunja kwa mpanda.

"Waiona utsi?"

"Ndauona."

"Boneti waigwira wekha. Injini imeneyi yatopa, imamwa oilo ngati thobwa. Tiye ku bulu wathu uja asanagulidwe."

"Ndigula iyi."

Mnzangayo anati, "Chabwino. Ana anga adya bwino chaka chino."

Sindinamufotokozere. Ndinali nditaziganizira kale m'njira. Palibe galimoto yakale imene siifa. Ya ku Biwi ikanadzafa tsiku limodzi lokha mwana ali mkati, mlandu ukanakhala wanga, ndipo akanamutenganso. Iyi ikanatha kufa kawirikawiri, koma anaisankha ndi alamu, pamaso pa akulu ampingo wawo.

Teremu itayamba, mwana anabwera ku Kawale. Apongozi anamulongedzera zovala m'chikwama cha mayi ake. Tinagwirizana kuti m'mawa ndizimusiya kusukulu, akaweruka azikadikira kwa agogo, ine ndikamutenge madzulo. Ndinaphunzira kuimika galimoto potsetsereka, komanso kuyenda ndi botolo la oilo kumbuyo. Mwana ankadziwa kuti ndikatembenuza kiyi sayenera kulankhula. Ikalira, ankawomba m'manja.

Nyengo yozizira itafika, m'mawa wina inazima titatsala pang'ono kufika ku Kanengo. Ndinayesa kangapo, osatheka. Mathiraki a fodya ankadutsa akutiimbira mahutala. Ndinali ndi nambala ya makaniko, koma ndinaimbira alamu.

Anabwera ndi pikapu yobwereka ndi chingwe chokokera. Anatsegula boneti n'kuyang'ana mkatimo, ngakhale panalibe chimene akanaona. Mwana anatulutsa mutu pawindo.

"Amalume, yafanso!"

Alamu anamva mawu akuti "yafanso", koma sanafunse kuti ndi kachingati.

"Ndi batire iyi, alamu," anatero osandiyang'ana. "Mabatire a masiku ano ndi achabechabe."

"Ndi batire," ndinavomereza.

Anatikoka mpaka kusukulu. Mwana anatsika pageti, anzake akuseka, iye akusekanso. Galimoto tinakaisiya pagalaja ina pafupi, ine n'kupita kuntchito wapansi.

Madzulo ndinafika kwa apongozi ndilibe galimoto. Ndinakhala pakhonde, n'kulandira madzi akumwa, kudikira kuti wina anene kuti mwana agone konkuno poti kunja kwazizira. Alamu anali m'nyumba, koma sanatuluke. Patapita kanthawi apongozi anabwera ndi mwana, atamuveka juzi ziwiri.

"Nyamukani kusanade," anatero. "Maminibasi a ku Kawale amavuta madzulo."