Mlongo Wanga Anapukuta Maiki pa Zalewa

Ine ndine telala. Ndasoka madiresi a akwati ndi mayunifomu a makomiti a ukwati kuyambira ndili mtsikana, ndipo ngati pali chinthu chimene ndikuchidziwa bwino kuno ku Neno, ndi ichi: wosankha disiko ya pa ukwati si mkwati. Si anyamata ovina ajanso ayi. Ndi amayi a komiti, omwe aja amadzaza mkeka wa pakhonde panga Loweruka masana n'kumakangana za mtundu wa chitenje. Mlongo wanga wamng'ono ankazidziwa zimenezi asanapite ku Joni. Pobwera anali ataziiwala, pamodzi ndi moni wa kwathu.

Anakhalako zaka zitatu. Popita anasiya mkazi ali ndi pakati, kumudzi kwa mkaziyo cha ku Matope kumene iye anali mkamwini, ndipo pobwera anapeza mwana wamkazi akuthamanga pabwalo. Atangofika, ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi. Amalume ake a mlamu wanga sanapite m'mbali. Anati mwana wawo wadikira mokwanira, ndipo mkamwini akadzangokweranso basi ya ku Joni, banja lidzathera pomwepo. Mlongo wanga anadziguguda pamtima kuti sadzapitanso, chifukwa wabwera ndi ntchito m'manja. Ntchitoyo inali disiko yobwereketsa m'maukwati.

Zida zake zinali zabwino, bodza n'loipa. Masipika anayi akuluakulu, laputopu, mikisa ya timabatani tosawerengeka, mamaiki awiri opanda waya, magetsi ozungulira amitundumitundu, ndi kabokosi kena kotulutsa utsi. Utsi! Munthu wamkulu kudutsa mayiko awiri atanyamula makina opanga utsi, kubwera nawo kuno kumene mayi aliyense amatuluka m'khitchini maso ali psuu. Ndinaseka mpaka misozi, iye n'kukwiya.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, nyengo ya maukwati ili pafupi, kunakonzedwa chionetsero cha malonda ndi zaulimi pa bwalo la mpira pa Zalewa, Lachisanu ndi Loweruka. Alimi a kachewere ndi manachesi anatsika kumapiri, kunabwera a uchi, a mbuzi, akalipentala, osoka nsapato. Ine ndinatenga malo anga oonetsera madiresi, iye anatenga ake moyang'anana ndi ine. Tonse tinkadziwa kuti makomiti a maukwati adzabwera kudzaona zinthu pamodzi, ndipo kuti mwayi wake wokhala pakhomo ndi mkazi ndi mwana unali pa bwalo limenelo.

Kutatsala masiku awiri ndinamuitana kwathu.

"Iwe," ndinatero, "ukaike benchi pamthunzi. Amayi amenewa akhala atayenda kuchokera kutali, ndipo amacheza ndi amene wawapatsa pokhala. Sipika imodzi uimangirire pa njinga yamoto, aone kuti ikhoza kukwera msewu wa ku Matandani osagawanika. Jenereta ikhale poonekera, chifukwa funso loyamba lidzakhala la magetsi. Uimbe nyimbo zoti akuzidziwa. Ndipo maiki uwapatse ayese okha."

Anandiyang'ana ngati ndaponda zonunkha. "Achemwali, inu za masipika mukudziwapo chiyani? Zionetsero zenizeni ine ndaziona ku Joni."

Ndinangoti chabwino. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Lachisanu m'mawa ndinaona zionetsero zenizeni zija. Ambuye! Anakutira shedi yonse ndi nsalu yakuda mbali zitatu, pa Zalewa, pamene dzuwa limaphika dzira pa mwala. Matebulo nawo anawaphimba ndi nsalu yakuda mpaka pansi. Kutsogolo anamanga chingwe chofiira kuzungulira zida zonse, ngati mmene amachitira pa maliro a munthu wotchuka. Pamwamba panali chinsalu chachikulu cha nkhope yake atavala magalasi akuda, ndi mizere ya Chingerezi yoti ngakhale aphunzitsi ankaiwerenga akukanda m'mutu. Pa shedi yonseyo mawu a Chichewa anali amodzi okha, pa kapepala komata pa tebulo: OSAGWIRA. Jenereta anakaibisa kuseri, akuti imanyansitsa malo. Mtengo wobwereka sanaulembe paliponse, akuti wofuna afunse.

Afunse ndani? Mwini wake anaima kuseri kwa tebulo atavala jekete yachikopa, mahedifoni ali kumakutu, akugwedeza mutu ngati gulo. Nyimbo zake zinali zopanda mawu, kumangoti ndi-ndi-ndi ngati chigayo. Magetsi amitundumitundu aja ankazungulira ndithu, koma masana dzuwa lili pamutu angawaone ndani? Anthu ankafika pa chingwe, kuima, kuyang'ana, n'kupitirira kukalawa uchi.

Cha m'ma khumi koloko anayatsa ka utsi kaja. Mphepo inautengera ku khola la mbuzi limene linali pafupi. Mbuzi zinayamba kudumphadumpha, imodzi n'kuthyola mpanda, mwini wake akuithamangitsa pakati pa milu ya kachewere uku akutukwana. Wa uchi anabwera kudzafunsa ngati china chake chapsa. Ine ndinaweramitsa mutu pa makina anga, kunamizira kulowetsa ulusi, manyazi atandigwira.

Kumanzere kwake kunali bambo wina wachikulire wachisilamu, wa sitolo pa Zalewa pomwepo, amene ankaonetsa masola ndi mabatire. Shedi yawo inali mitengo inayi ndi lona yakale. Koma anaika mabenchi awiri, ndowa ya madzi akumwa ndi kapu, ndipo aliyense wofika ankamupatsa waya kuti alumikize yekha babu aone likuyaka. Pamalo pawo panali podzaza tsiku lonse. Asanapite ku mzikiti masana, anapita kwa mlongo wanga n'kumukodola kuti achotse mahedifoni.

"Achimwene," anatero mofatsa, "chingwechi chotsani. Munthu sagula mbuzi asanaigwire."

"Izi si mbuzi, bambo," anayankha mlongo wanga, n'kubwezera mahedifoni kumakutu.

Bambo aja anangomwetulira n'kunyamuka. Munthu wamkulu akukutsina khutu mwaulere, iwe n'kumuyankha ngati mnzako wa m'basi!

Ndakhala ndikupita m'zionetsero zotere kangapo, ndipo anthu onga mlongo wanga ndimawazindikira ndili patali. Samabwera kudzagulitsa, amabwera kudzaonedwa. Amakongoletsa malo kuti ajambule pa foni n'kutumizira anzawo a m'tauni, pamene wogula weniweni waima kutsogolo kwawo atanyamula thumba la manachesi, iwo osamuona chifukwa wavala patapata. Shedi yabwino ndi imene mayi wotopa angalowemo osaopa kuti aphwanya kanthu. Zina zonse n'zachibwana.

Loweruka cha kum'mawa anafika amene tinkawadikira. Amayi asanu ndi mmodzi, onse mu chitenje chimodzi chimene ndinawasokera ine ndemwe. Patsogolo panali amayi a mpando, mphunzitsi wopuma wa cha ku Matandani, munthu amene palibe ukwati wa mbali imeneyo umachitika iye osakhala mu komiti. Akati disiko iyi ndi yabwino, mipingo itatu imabwereka. Anayamba kwa ine, tinapatsana moni, anagwiragwira madiresi.

"Atelala, disiko iyo ndi ya mlongo wanu eti?"

"Eya, mayi. Kaioneni."

Pa ukwati wa kuno, nyimbo si nkhani yaikulu. Nkhani ndi perekaniperekani. Wolengeza amaitana akuchikazi, akuchimuna, akumpingo, anzake a mkwati, gulu ndi gulu, kuti abwere kutsogolo akuvina ndi mphatso zawo. Mawu ake akapanda kufika kwa amene akhala kutali pansi pa mitengo, anthu sadzuka, ndipo komiti imachita manyazi mudzi wonse ukuona. N'chifukwa chake amayi akafuna kubwereka disiko, sayang'ana kukula kwa sipika. Mmodzi amapita kutali, wina n'kulankhula pa maiki. Mwana aliyense wa kuno amadziwa zimenezi.

Amayi a mpando anafika pa chingwe chofiira, anachiyang'ana, anakweza chitenje pang'ono n'kuchidumpha.

"Muli bwanji, bambo?"

Zii. Mutu ukugwedezeka.

"Bambo, muli bwanji?"

Anasuntha hedifoni ya khutu limodzi. Limodzi lokha! Amayi anapempha kuti atsitse chigayo chija, anatsitsa. Anafunsa ngati ali ndi nyimbo zolowera akwati ndi za makwaya. Iye anati zonse zili mu laputopu, koma osaimba ngakhale imodzi. Anafunsa za kumene kulibe magetsi. Iye anati zimatengera. Ine kutsidya kuno ndinkangofinya tepi yoyezera m'manja.

"Nanga tingayeseko maikiyo?"

Anazengereza. Anayang'ana kapepala kake ka osagwira, kenako anayang'ana kwa ine. Sindikudziwa kuti nkhope yanga inkaoneka bwanji, koma anatenga maiki n'kuwapatsa. Amayi anatuma mnzawo mmodzi kuti akaime ku golo la kutsidya. Anatsokomola pang'ono, n'kuyamba ndi liwu lawo la pa ukwati.

"Akuchikazi! Akuchikazi inu, takuonani mwabisala ku mango uko! Dzukani, mwana ndi wanu uyu!"

Mawu anatuluka oyera mbee, opanda kulira kapena kukhosomola, n'kudzaza bwalo lonse. Anthu anatembenuka. Amayi a kachewere anaimba nthungululu, wa mbuzi uja anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo mayi wa ku golo anavula mpango n'kumaukupiza m'mwamba. Amayi a mpando anamwetulira, anayang'ana anzawo, anzawo n'kugwedeza mitu. Ndinasangalala, sindinama. Mumtima ndinati basi, mwana wa mayi anga wapulumuka, ngakhale ndi uchitsiru wake wonse.

Amayi a mpando anabweza maiki ndi manja awiri, mwaulemu. Mlongo wanga anailandira ndi zala ziwiri. Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kabotolo kopopera ndi kansalu koyera. Amayi ali chiimire patsogolo pake, anapopera maiki ija katatu n'kuyamba kuipukuta, pang'onopang'ono, mbali zonse. Ndipo chitsirucho chinali chisanaizimitse. Masipika anayi aja anaulutsa zonse: fwee, fwee, fwee, kenako khwe, khwe, khwe. Bwalo lonse linamva mayi wamkulu akupukutidwa malovu.

Nthungululu zinatha. Amayi anamuyang'ana mpaka anamaliza.

"Pepani bambo," anatero, "takudetserani."

Anadumphanso chingwe chija. Podutsa kwa ine anangoti, "Tapita, atelala," osaima.

Ndinasiya makina n'kuwoloka. "Chitsiru iwe! Wachita chiyani?"

"Ndi ukhondo, achemwali. Ku Joni aliyense amatero."

"Ukanadikira achoke kaye! Thamanga, sanafike kumsewu. Kagwade, kapepese."

"Ndipepese chiyani? Maiki ndi yanga."

Ndinamuchonderera, ine mkulu wake, pamaso pa anthu. Ndinamukumbutsa mawu a ankhoswe, ndinatchula mwana. Iye anati ndikukulitsa nkhani yaing'ono, anthu akufuna zida zabwino adzabwera okha. Anakweza chigayo chake kuti asandimve. Tsiku limenelo ndinamunyoza mlongo wanga kuchokera pansi pa mtima, ndipo mpaka lero sindinaleke kwenikweni.

Nkhani inayenda mofulumira kuposa basi. Nyengo yonse ya maukwati ndinasoka osapuma, makomiti ankadzaza pakhonde panga monga mwa masiku onse, koma nkhani ya disiko ikafika ankatsitsa mawu. Tsiku lina mayi wina anaiwala kuti ndilipo n'kunena kuti, "Koma osati uja wopukuta." Anzake anamutsina. Mlongo wanga anaitanidwa kawiri kokha, kotsegulira bala ndi ku phwando la ana otsiriza sukulu. Ukwati ngakhale umodzi, ayi. Ndinapita ndekha kwa amayi a mpando kukapepesa. Anandilandira bwino, anandiphikira tiyi, n'kundiuza kuti wolakwa si ine.

Mvula yoyamba itagwa, mlongo wanga anandiimbira foni atadutsa kale pa chipata cha Mwanza, akubwerera ku Joni. Anali atanamiza mkazi wake kuti akupita ku Blantyre kukagula waya. Ankhoswe anakhala pansi iye kulibe, ine ndinapita kukaimira banja lathu. Sizinatenge nthawi. Mlamu wanga sanalire, anangokhala atagwira mwana pamiyendo mpaka akuluakulu anamaliza. Katundu wa mkamwini anabwera kwathu pa ngolo.

Padutsa zaka zitatu. Mlamu wanga sanandide, amabwerabe kudzasoketsa. Mwezi wathawu anabwera ndi mwana kuti ndimuyeze yunifomu yoyambira sukulu. Ndili mkati moyeza, mlongo wanga anaimba foni ya kanema. Atamva kuti mwana ali pomwepo, mawu ake anasintha, anandipempha kuti ndimuonetse. Ndinayang'ana mlamu wanga, iye anavomera ndi mutu. Ndinatembenuza foni. Mwanayo anaiyang'anitsitsa, manja ali chotambasula podikira tepi, kenako anatembenukira kwa ine.

"Azakhali, amenewa ndi ndani?"

Mlongo wanga anamva. Anati netiweki ikuvuta, n'kudula.